Dzenje la a Namakhwa

A Felix Namakhwa anagwira ntchito zaka makumi atatu m'galaja ya pa esiteti ya tiyi. Atapuma anabwerera kwawo ku Chinakanaka ndi bokosi la masipanala komanso Volkswagen yakale, ija yooneka ngati kamba, ya injini kumbuyo. Nyumba yawo yayandikana ndi yathu. Ndakula ndikumva mawu awo akuchokera pansi, m'dzenje limene anakumba okha ndi khasu kuseri kwa nyumba kuti azilowamo pokonza galimoto. Anthu kuno amawadziwa ndi chinthu chimodzi: ntchito akaiyamba saisiyira panjira, chakudya chizizire, alendo adikire.

Mu Januwale akazi awo, a Emelda, anaterereka pamjigo n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Powatulutsa m'chipatala anawauza kuti akaonekerenso ku Blantyre Lachinayi lina. Pa kabaza sakanakhala, mu minibasi yothinana ndiye ayi ndithu. Lachitatu lake m'mawa a Namakhwa anapeza oyilo atadontha pansi pa galimoto. Mabuti onse awiri anali atang'ambika. Buti ndi labala lokuta pamene chitsulo cha tayala lakumbuyo chimalowa mu giyabokisi. Likang'ambika oyilo amatha, magiya n'kupsa panjira.

Mabuti atsopano anali nawo, aja otseguka mbali imodzi, omanga ndi timabawuti ting'onoting'ono. Koma mvula inali itagwa masiku anayi osakata. Anakapa madzi m'dzenje ndi ndowa, anayala matabwa m'mbali mwake, n'kukwezapo galimoto.

A Namakhwa samanga buti galimoto ili pa jeke. Amati tayala likalendewera labala limakhala mopindika, ndipo ukaitsitsa limang'ambikanso. Iyenera kukhala pansi, italemera monga imalemerera paulendo. N'chifukwa chake anaitana ine ndi a Evance, bambo wonenepa amene amagulitsa nanazi pamsewu, kuti tikhale kumpando wakumbuyo. A Emelda anaumirira kuti awanyamule akakhale kutsogolo, akuti ayeserere za mawa.

"Lero mimba yangayi yapeza ganyu," anatero a Evance.

"Musaseke, achimwene," anayankha a Namakhwa ali pansi. "Mukaseka galimoto imavina."

Buti lakumanja linawatengera pafupifupi ola. Ine ndinali pawindo lakumanzere, ndikuyang'ana pansi. Pafupi ndi thabwa panali mng'alu m'dothi, wochepa ngati ulusi. Ndinaganiza kuti mwina unalipo kale. Nditayang'ananso unali woti chala n'kulowa, ndipo thabwa linali litapendekera kudzenje.

Ndinangowagwira a Emelda paphewa n'kuwalozera. Anasuzumira, anayang'ana kanthawi, kenako anaitana amuna awo osakweza mawu.

"Bambo a Ronald, tulukani. Dothi likung'ambika."

"Kwatsala buti limodzi."

"Ndati tulukani."

"Ndamva, mayi. Ndaliika kale, kwatsala kumanga."

A Evance anayamba kukankha mpando kuti atuluke. Galimoto inagwedezeka, ndipo tinamva zibuma zikugwera m'madzi otsalira m'dzenjemo.

"Wina asatsike," anatero a Namakhwa. "Mukachoka inuyo, kulemera konse kupita mbali yoipayo."

A Evance anabwerera pang'onopang'ono, manja ali pamaondo. Thukuta linkawatsika m'khosi. Pansi sipanala inkangolirabe, kumanga, kupuma, kumanga. Ndinkamva kugunda kwake kudzera mumpando. Mng'alu unali utafika pansi pa tayala.

"Agogo," ndinatero, "thabwa likutsetsereka." Sindikudziwa ngati anamva.

A Emelda anakoka chogwirira, chitseko chawo chinatseguka.

"Ndiye mverani, a Namakhwa. Ine ndikutsika. Ndiponda pansi ndi mwendo womwewu. Ukathyokanso, ku Blantyre mukaperekeze galimoto yanuyo."

"Mayi, musachite zimenezo."

"Phazi lili kale panja."

Sipanala inaleka kulira. Kenako tinamva kupuma kwawo kukusunthira kumbuyo. Anatulukira kunsi kwa injini chokwawa, matope thupi lonse, m'manja mulibe kanthu.

Anatitsitsa mmodzimmodzi. Choyamba anawanyamula akazi awo n'kukawakhazika pakhonde. Ine ndinatulukira pachitseko chomwecho, a Evance pomaliza. Tinaikankha atatu galimotoyo kupita kutsogolo. Tayala lakumbuyo litangochoka pathabwa, khoma lakumanzere linagumukira mkati, mwakachetechete, ngati phala likukhuthuka m'mbale. Pamalo pamene anali ataima a Namakhwa panadzaza dothi lofika m'chifuwa. Masipanala awiri ndi timabawuti ta buti lija zinatsalira momwemo.

A Evance anakhala pansi pamatope pomwepo. A Namakhwa anayang'ana dzenjelo, n'kupita kukasamba m'manja.

Masana anagona pasaka pansi pa galimoto pabwalo louma, anazenga buti losamalizalo ndi malamba a chubu cha njinga. Ndinawamva akudzilankhulira kuti imeneyo si ntchito, ndi manyazi. M'mawa mwake ananyamuka ndi botolo la oyilo pansi pa mpando. A Emelda anandiuza atabwerako kuti anaima pa Nkando, bambowo analowa pansi kukathira, ndipo kuchipatala anafika dokotala asanayambe kuitana mayina.

Buti lachiwirilo anakamangira pasimenti, m'galaja ya munthu wina kumsika, anyamata akuwaonerera. Dzenje lakuseri kwa nyumba sanalikumbenso. Ndimawaona nthawi zina ataima pamenepo ndi khasu, koma a Emelda amakhala pakhonde ndi ndodo yawo, ndipo khasulo limathera kudimba.