Maliro Anadikira Botolo

Mayi a nyumba yapakona ndi olongolola zedi, moti amuna awo anasankha kugontha asanakalambe. Koma mayiwo akalowa mulabotale amamanga kansalu pakamwa, ziii. Ntchito yawo ndi kudula timphukira ta mtengo wamankhwala, tochepa ngati nsabwe, n'kumatilera m'mabotolo mpaka timere mizu.

"Mpweya wa m'kamwa umagwetsa chuku," amatero. "Kamtengo sikafuna miseche."

Mtengowo anthu anausenda makungwa mpaka unauma, ndipo kamphukira kamoyo kanatsala kamodzi kokha. Tsiku limene ankakadula, mlamu wawo anafika pazenera lagalasi, maso ali psuu.

"Alamu, tulukani. Mng'ono wanu watisiya."

Mayiwo anamva bwinobwino. Sanachotse kansalu pakamwa. Anayang'ana kudenga kuti msozi usadonthere pambale pomwe panali kamphukirako. Kenako anadula kamphukirako, anakaika m'botolo, anawaula kukamwa kwa botololo pamoto, n'kutseka.

Atatuluka anavula kansalu kaja, anakhala pansi pakhonde, naitana mng'ono wawo ndi dzina laubwana. Alonda a pageti, kutali konse kuja, anamva kulirako, navula zipewa.