Akulira Momwemo

Amayi a ku Chinyonga sitigulira mwana chinthu chomukwana. Nsapato timagula yaikulu n'kufwatika nyuzi kutsogolo, yunifolomu timapinda m'munsi. Timati akulira momwemo.

Mwana wanga woyamba, mtsikana, anabadwa ndi nthenda ya magazi ija amati sikoselo. Sankakula msanga. Ali sitandade 3, alendo ankamuyesa wa ku mkombaphala. Fulaye, jingo, zonse ankangoonerera atakhala pakhonde. Ndiye aphunzitsi a Sande sukulu, mayi wina wofatsa wa kutchalitchi kwathu, atayamba kuphunzitsa ana zitoliro zapulasitiki pokonzekera Khirisimasi, mwanayo anafika kunyumba akupumira m'mwamba.

"Amama, izi ndiye ndingathe. Amaziliza atakhala pansi!"

Ankafuna chinthu chimodzi basi: tsiku la Khirisimasi akhale pabenchi limodzi ndi anzake, nayenso amveke.

Tinakwera minibasi wa ku Limbe, n'kulowa m'sitolo ya amwenye ena achikulire ogulitsa makope ndi mipira. Anatitulutsira zitoliro ziwiri, chaching'ono choyera ndi chachikulu chakuda.

"Mayi, uyu mutengereni chaching'ono. Taonani tizala taketo."

"Akulira momwemo," ndinatero.

"Si nsapato iyi, mayi," anatero akuseka.

Ndinaseka nawo, koma sindinasinthe. Kuchipatala anali atandiuza zambiri za ana a nthendayi, ndipo kugula chaching'ono ndinkakuona ngati kuvomera zonse zija. Mwana anachiomba chakudacho, chinatulutsa mawu otsika, ozizira bwino.

"Chikulira ngati njiwa," anatero. Tinatenga chomwecho.

Loweruka kutchalitchi ana onse anatseka mabowo monga anauzidwira, n'kuomba pamodzi. Mawu a mwana wanga anapita kwaokha. Anayambiranso, chimodzimodzi. Kamtsikana kena kanatembenuka.

"Iwe, wazula paipi ya madzi kwanu eti?"

Benchi lonse linafa nako kuseka. Aphunzitsi anachitenga chitolirocho, anachitembenuza, kenako anandikodola pomwe ndinakhala kumbuyo.

"Mwanayu sanalakwitse," anatero. "Chitoliro chilichonse chili ndi kiyi yake, ndiko kuti poyambira mawu ake. Tating'onoti mukatseka mabowo onse timalira C. Ichi chimalira F. Zala n'kuika mofanana, mawu amatuluka osiyana. Kuti agwirizane ndi anzake, iyeyu ayenera kuphunzira kaikidwe ka zala kakekake."

Za C ndi F sindinazimvetse tsiku lomwelo, koma vuto lachiwiri ndinaliona ndi maso anga. Dzanja lake lamanja silinkafika mabowo apansi. Akatseka ili, ilo latseguka.

Aphunzitsi anati ali nacho chaching'ono chapadera, atibwereke. Ine ndinali nditatambasula kale dzanja. Mwana anakumbatira chake pachifuwa.

"Ayi. Amama anati ndikulira momwemo."

Aphunzitsi anandiyang'ana, ine ndinayang'ana simenti.

Nzeru tinaipeza kunyumba. Masana ndikamaliza kuchapa, ndinkamukhazika pamiyendo panga. Iye ankaomba n'kutseka mabowo apamwamba ndi dzanja lamanzere, ine ndinkazunguliza mkono n'kutseka apansi. Loweruka lililonse aphunzitsi ankationetsa aliyense mbali yake, ana ena atapita. Sizinayende msanga. Ndikachedwa kukweza chala ankandigunda ndi chidendene pamsongolo.

"Amama, mpweya ukuthawa! Zala zanuzi zinazolowera sopo."

"Pepani abwana," ndinkatero, n'kuyambiranso.

Pang'onopang'ono khutu langa linayamba kumva. Chala changa chikaphonya, ndinkadziwa ndekha chidendene chisanafike.

Khirisimasi inacha ndi mvula, ndipo kukazizira mafupa ake ankawawa. Ndinamuuza kuti tikhale, kuli chaka chamawa. Iye anangovala diresi. Ndinamubereka kumsana ngati khanda, ambulera kumanja, chitoliro m'chikwama.

Ana ataitanidwa kutsogolo, ndinapita nawo. Munthu wamkulu, chitenje chonyowa, pakati pa tiana. Ndinamva ena akuseka chapansipansi. Kamtsikana ka paipi kaja kanasendera kutipatsa malo. Aphunzitsi anakweza dzanja, tinayamba. Mpweya wake unali wochepa, ndinkaumva m'nthiti zake pamkono panga. Koma njiwa ija inalowa pansi pa mawu a anzake n'kuyenda nawo limodzi mpaka nyimbo kutha. Chidendene sichinandigunde ngakhale kamodzi. Anthu akuomba m'manja, anatsamira pachifuwa panga.

"Mwamva, amama? Sitinasochere."

Anatisiya chaka chotsatiracho, nyengo ya chiperoni, kuchipatala chachikulu m'tauni. Yunifolomu yake inali ikadali yopinda m'munsi.

Aphunzitsi anandiuza kuti ndizipita Loweruka, andiphunzitse mabowo apamwamba. Ndimawayankha kuti ndibwera. Chitolirocho chili pamwamba pa kabati, ndinachikulunga m'kansalu. Nthawi zina ndikatsala ndekha pakhomo ndimachitsitsa, n'kukhala pakhonde paja. Dzanja lamanja limapita lokha pamalo pake, ndipo zala zimayenda nyimbo yonse osaphonya. Koma kumtunda mabowo ali pululu, ndiye ndikaomba, mawu amatuluka pafupifupi amodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.