Chaka chimene amayi anasiyira mileme phanga

Kathumbako kanali ka chitenje chakale cha amayi, kokhala ndi chingwe kukamwa kwake, ndipo ukakanunkhiza unkamva fungo la phanga. Amayi anasoka timatumba totere tingapo amalume atawapempha. Amalumewo ankagwira ntchito ku ofesi ya za nkhalango ku boma, ndipo chaka chimenecho anawatuma kwathu ku Chongoni kudzawerenga mileme. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Munthu wamkulu, wa sukulu yake, wovala nsapato, n'kumawerenga mileme!

"Achimwene, nayonso mukuigulitsa makhadi a chipani?" amayi anawafunsa motsitsa mawu. Amalume anayamba ayang'ana uku ndi uku, kenaka n'kuseka. Masiku amenewo munthu unkayamba wacheuka usanaseke.

Phangalo linali kumtunda kwa mudzi, kupitirira mitengo ya paini, kumene nkhungu inkagona mpaka dzuwa litakwera. Pakhoma pake panali zojambula zofiira za anthu akalekale. Dzuwa likamapendeka amalume ankatchera ukonde wopyapyala pafupi ndi khomo, ine n'kukhala pamwala. Mileme inkayamba kutuluka umodziumodzi, kenaka yonse pamodzi, thambo n'kuda, kamphepo ka mapiko kakundikhudza m'masaya. Ndinkaona ngati phiri likupuma. Mleme wokodwa mu ukonde amalume ankauika m'kathumba, kuuyeza pa kasikelo kolendewera, kuuveka kamphete kachitsulo paphiko, n'kuumasula. Tsiku lina anandigwiritsa umodzi. Unali wofunda, wopepuka, kamtima kake kakugunda m'zala mwanga. Amalume ankati mtundu umenewo, wa mphuno yonga tsamba, ukuchepa chaka ndi chaka, ndipo phanga lathu ndi limodzi mwa malo ochepa amene ukuswanabe.

Komatu phangalo linalinso la amayi. Abambo anali atapita ku migodi ku Joni kumayambiriro kwa chaka chimenecho, osamvekanso, ndipo feteleza kwathu tinkangomumva dzina. Mbatata yathu ya kachewere inkakula ndi ndowe za mileme. Mvula yoyamba ikagwa, amayi ankalowa m'phangamo ndi muuni wa udzu, n'kumakokolola manyowa akuda aja m'dengu. Mbatatayo ndiyo inkatidyetsa, ina n'kukagulitsa kumsewu.

Amalume anawachonderera kuti adikire. Ankati nyengo imeneyo mileme imakhala itabereka, ana ali kudenga osatha kuuluka, ndipo utsi ukalowa amayi awo amathawa, anawo n'kugwa. Mphamvu yotseka phanga analibe, ankangopempha. "Mbatata nayo idikira?" amayi anatero. "Mwana wangayu adya mileme yanu?" Mpaka lero sindiwaona kulakwa amayi pa funso limenelo.

Tinapita m'mawa mwake amalume atatsikira ku boma. Udzu unali wonyowa, nkhungu ili mbuu, moti ndinkangotsatira dengu limene linali pamutu pa amayi. Pakhomo anayatsa muuni. M'katimo munali mofunda, fungo lake loluma m'maso. Nditakweza mutu ndinaona denga lonse likugwedezeka. Utsi utafika kumwamba kunabuka chiphokoso, mapiko ali phaphapha kutizungulira, ine n'kubisa nkhope m'chitenje cha amayi. Kenaka kanthu kanagwera m'dengu, kena pansi pafupi ndi phazi langa.

Kanali kamwana ka mleme, kofiirira, kopanda ubweya, kakang'ono ngati chala chamanthu. Amayi anaponya muuni pansi n'kuupondaponda. M'kuwala kochepa kochokera pakhomo anakatola, n'kunyanyamphira kuti akamatike pakhoma, pamwamba pamene dzanja lawo linkafika. Kanagwa. Anakatolanso, kanagwanso. Kachitatu kanangokakamira chala chawo, kakufunafuna ndi kakamwa. Amayi anagwada pamanyowa pomwepo atakafumbata pachifuwa, mapewa akugwedezeka, misozi ili chuchuchu koma osatulutsa mawu. Kanafera m'manja mwawo. Tinatsika phiri dengu lili lopanda manyowa, ndipo nyengo yonseyo sanapondenso m'phangamo.

Mbatata ya chaka chimenecho inali ngati mazira a nkhunda. Njala inatikwapula, ndipo ine ndinaida mileme ndi mtima wanga wonse. Madzulo ndinkaigenda, ngakhale sindinagwetseko ndi umodzi womwe. Amalume anamaliza ntchito yawo akusangalala kuti ana ambiri auluka. Anatisiyira shuga ndi sopo, n'kuthokoza mlongo wawo pomvera.

Zoona zake ndinadzazimva nditakula, nditabereka wanga woyamba. M'miyezi yozizira ya chaka chomwecho, amalume asanabwere, ananditumiza kukakhala kwa azakhali, ati amayi akudwala malungo. Sanali malungo. Amayi anabereka mwana wakufa kale. Mwana wotere azimayi amakamuika okha m'mamawa, opanda maliro, opanda dzina, ndipo mayi wake amamuuza kuti asalire. Amayi anamvera. Anameza misozi yawo miyezi yonseyo, akutunga madzi, akulima, akusoka, mpaka m'mawa uja m'phanga.

Ine pa nthawiyo ndinali ndi njala yanga ndi mkwiyo wanga basi. Ndinaona munthu wamkulu atagwada mu ndowe za mileme akulira, ndipo ndinkangoti utsi wawalowa m'maso.