Sabata imene amuna anga anasiya kachasu

Amuna anga anamwa kachasu zaka zonse zimene ndinakhala nawo ku Champhira. Ine kwathu ndi ku Kasungu, kuno ndinabwera ndi ukwati, ndipo apongozi anga ankati pakamwa panga ndi pamene pankathamangitsira mwana wawo ku mowa. Mwina sankanama. Ndinali wolongolola, ndipo sindinkatopa.

Chaka chimenecho, fodya ali m'chigafa, ndinamanga katundu wanga n'kuwauza kuti asankhe, ine kapena botolo. Lamulungu lotsatira anaimirira m'tchalitchi n'kulonjeza pamaso pa mpingo wonse kuti sadzalawanso ngakhale dontho. Amayi a mumpingo anaimba nthungululu. Ine ndinabwerera kunyumba mapewa ali m'mwamba.

Lolemba anadzuka manja akunjenjemera moti analephera kusoka fodya. Thukuta linkangoyenderera pamene ife tinali titafunda zitenje chifukwa cha kamphepo. Phala limene ndinawapatsa anasanza lonse. Lachiwiri anayamba kudzisasa miyendo, amvekere linthumbu likuwakwera. Ndinayang'ana pansi, panalibe ndi nyerere yomwe.

Akulu a mpingo atabwera anati tisadandaule, ziwanda za mowa zikutuluka, ndipo chiwanda sichituluka mwaulemu. Apongozi anakana, anati imeneyi ndi vimbuza, mizimu ija imagwira munthu mpaka amuimbire ng'oma. Anakangana pabwalo dzuwa lonse, awa akufuna mapemphero, awa akufuna ng'oma, mwini matenda akuphiriphitha pamkeka. Za chipatala palibe anatchula. Inenso sindinatchule, ndisanamizire anthu okha. Ndinkaona ngati n'chilango chowayenera amuna angawo, ndipo penapake mumtima ndinkakondwa kuti alaweko zowawa zimene ine ndinadya zaka zonsezo.

Lachitatu masana anandiitana. Maso anali psuu, milomo itauma.

"Ndapota, mama," anatero, "kachivindikiro kamodzi pera. Mtima ukuthamanga chomene. Mukandimana, mbwenu nifwenge." Ankatanthauza kuti ndikawamana kachasu afa.

"Munalonjeza pamaso pa Mulungu, bambo," ndinawayankha. "Limbani mtima."

M'mawa wa tsiku lomwelo ndinali nditapeza botolo limene anabisa kuseri kwa nkhokwe. Ndinalitenga n'kulikhuthula pansi iwo akuona. Sanakalipe. Anangotembenukira kukhoma.

Lachinayi anagwa ngati wakhunyu, thupi lonse gwa, lilime atadziluma. Apa m'pamene mapemphero ndi ng'oma zinatha mawu, tinawakweza pa galimoto ya matola kupita nawo ku chipatala ku Boma. Dokotala anandifunsa kuti ankamwa bwanji, ndipo anasiya liti. Ndinayankha monyadira, Mulungu andikhululukire. Iye anandifotokozera mofatsa kuti thupi limene lazolowera mowa tsiku ndi tsiku silifuna kulandidwa mowawo kamodzin'kamodzi. Munthu wotere posiya amafunika mankhwala omukhazika mtima ndi anthu omuyang'anira, apo ayi amatha kufa.

"Mukanabwera nawo manja atangoyamba kunjenjemera, mayi," anatero.

Anamwalira Lachisanu m'mawa.

Pamaliro mlaliki anati malemu apita ali opambana, anagonjetsa mowa asanakumane ndi Mbuye wawo. Kenaka anandiloza ine, kuti amayi onse atengere chitsanzo kwa mkazi wolimba mtima amene sanagonje. Anthu anavomera kuti ameni. Ndinkafuna kukuwa, koma namfedwa salankhula pamaliro a mwamuna wake, ndiye ndinangoweramitsa mutu. Zimenezi zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Mbiri ija inafala. Amayi amene amuna awo ndi zidakwa amandipeza kudimba kapena pamsika, ena ochokera kutali ndithu, n'kundikokera pambali.

"Mama, tiuzeniko, munachita bwanji kuti bambo asiye?"

Ndimawauza zoona, kuti akafuna kusiya mupite nawo ku chipatala tsiku lomwelo, ndipo kuti anga ndinawaonerera akufa masiku anayi ndikuyesa kuti ndikuwapulumutsa. Amaseka mwamanyazi, amathokoza kuti yewo, n'kumapita akunong'onezana kuti ndikuwabisira mankhwala.