Pilo Pansi pa Bondo la Abambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ngolovani inaphwanya bondo la abambo. Ngolovani ndi kangolo kachitsulo konyamulira miyala pansi pa mgodi, ndipo abambo anali atakankha tingolo timeneti kuyambira pamene anabwera kuchokera ku Nyasalande ali mnyamata. Tinkakhala m'komboni ya mgodi wina kufupi ndi Shurugwi, masiku amenewo tinkati Selukwe. Nyumba yathu inali ya zipinda ziwiri. Ndati yathu, koma ndalakwitsa. Nyumba ya m'komboni sinali ya munthu, inali ya ntchito. Ntchito ikatha unkabweza kiyi, ana ako n'kuchoka pasukulu ya mgodi, basi.

Abambo anagona m'chipatala cha mgodi, mwendo uli m'chikhakha, mpaka mvula inatha. Tsiku lochotsa chikhakhacho amayi ananditenga, poti m'nyumba mwathu wodziwa kuwerenga ndinali ine ndekha. Mwendowo unatuluka wowonda ngati wa mwana, wotuwa, khungu likusupuka, ukununkha ngati nsapato yonyowa. Amayi anayang'ana kukhoma.

Woyang'anira odwala mafupa anali bambo wina wa Chindebele, a Ncube, wamtali, wosadziwa kuseka. Sanali dokotala, ankangothandiza dokotala wachizungu, koma anthu ankawaopa kuposa mzunguyo. Ndi abambo ankayankhulana Chilapalapa, chiyankhulo cha pansi pa mgodi. Ine anandikodola ndi chala.

"Iwe, mwana wa sukulu. Bwera uone, chifukwa wowerengera ndiwe."

Anawagoneka abambo chagada. Anawauza alimbitse ntchafu n'kukanikizira kuseri kwa bondo pabedi, agwire choncho mpaka ine nditawerenga khumi. Kenako akweze mwendo wonse uli wowongoka, pang'ono chabe, kutalika kwa botolo, n'kuutsitsa mosathamanga, kakhumi. Zimenezi katatu patsiku. Pomaliza anakulunga thaulo n'kuliika pansi pa chidendene, bondo lili m'malere, kuti liziwongoka lokha ndi kulemera kwake. Apo abambo anagwira chitsulo cha bedi ndi manja onse awiri.

"Pilo pansi pa chidendene, yebo," anatero a Ncube. "Pilo pansi pa bondo, aikona. Wamva?"

"Ndamva."

A Ncube anazunguliza kachingwe pantchafu ya abambo, n'kumanga mfundo, n'kukapachika pamsomali. Anati pakatha miyezi iwiri dokotala adzawayesa. Adzayenera kuwongola mwendo n'kukwera makwerero a kuseri kwa chipatala. Akadzalephera, pansi sadzatsikanso. Tonse tinadziwa tanthauzo lake, ngakhale palibe anatchula nyumba.

Vuto linayambira pa ulemu. Kwathu wodwala sasiyidwa yekha, amazondedwa. M'mawa kunkabwera amayi a kutchalitchi ndi nyimbo zawo. Hutala, lipenga la pamgodi, ikalira masana kunkabwera anzawo a abambo, fumbi lili m'nsidze, n'kukhala pazitini mpaka dzuwa kupendeka. Tsono tandiuzani, bambo wa ana asanu angagone pamkeka n'kumaponya mwendo m'mwamba pamaso pa akazi a eni? Ankangofunda bulangete mpaka pachifuwa, n'kumayankha moni monga wodwala wamakhalidwe.

Ndipo aliyense ankabwera ndi nzeru zake. Ena ankati fupa limafuna kupuma. Ena ankathowa bondolo ndi madzi otentha ndi masamba. A Zuze, oyandikana nafe ochokera ku Tete, anaona pepala la zithunzi za kakwezedwe ka mwendo limene a Ncube anandipatsa, n'kulitembenuza uku ndi uku.

"A Phiri, inu ndinu mwana? Ncube amadya za kampani. Akufuna mwendowu uthyokerenso kunyumba kuno, adzati mwadzipweteka nokha. Munaona kuti munthu akuchiritsa chilonda pochiputa?"

Onse anavomera ndi mitu. Inenso ndinavomera mumtima. Ngakhale lero sindinganene kuti anali opusa. Anthu amenewo anali ataona zambiri pamgodi paja, ndipo kukayikira n'kumene kunkawasunga.

Nthawi yokhayo imene m'nyumba munalibe mlendo inali m'mawa, amayi atapita kumpopi, ine ndisanapite kusukulu. Tsiku loyamba ndinawerenga bwinobwino monga tinkawerengera m'kalasi: wani, thu, fili, mpaka teni. Abambo anachita. Thukuta linatuluka pamphumi, mano akukukutika, mwendo ukunjenjemera ngati wa mbuzi yongobadwa kumene. Pofika kachisanu ndinaona msozi ukutsetserekera kukhutu. Ndinali ndisanaonepo abambo akulira, ngakhale pamaliro a mlongo wanga wakhanda sanalire. Kusukulu tsiku limenelo sindinamve kanthu.

M'mawa mwake ndinapeza njira. Abambo sanapiteko kusukulu, ndiye ndinaganiza kuti manambala a Chingerezi sawatsatira.

"Wani, thu, fili, folo, teni! Mwamaliza, abambo."

"Tamaliza kale?"

"Eya, lero mwafulumira."

Anapuma mpweya wautali n'kutseka maso. Ine ndinapita kusukulu mtima uli m'malo.

Za pilo zinachitika sabata yomweyo. Ndinaweruka n'kuwapeza ali okha, chidendene chili pathumba lokulunga monga a Ncube anatiuzira, nkhope itakwinyika, akubuula chapansipansi kuti a khomo linalo asamve. Ndinagwada, n'kusuntha thumbalo pang'ono, kulichotsa kuchidendene n'kulilowetsa pansi pa bondo. Mawu a Ncube ndinkawakumbukira bwino, sindinganame kuti ndinaiwala. Koma nkhope ya abambo inamasuka nthawi yomweyo ngati chingwe chadulidwa.

"Mulungu akudalitse, mama," anatero, n'kugona tulo.

Amayi ataona kuti abambo agona bwino, anasoka kapilo kuchokera ku thumba la ufa, n'kuikamo sanza. Kapilo kameneko sikankachoka pansi pa bondo, usana ndi usiku. Amayi a kutchalitchi ankandisisita kumutu. "Enelesi ndi mwana wachifundo. Ameneyu adzakhala nesi." Ine ndinkamwetulira.

Patatha mwezi tinapita kukaonetsa mwendo. A Ncube sanafunse abambo, anafunsa ine.

"Akuchita?"

"Akuchita."

"Kangati?"

"Katatu patsiku."

Anatsitsa kachingwe kaja pamsomali n'kukazunguliza pantchafu. Kanali kokhwefuka, analowetsamo zala ziwiri. Kenako anawauza abambo awongole mwendo pabedi. Abambo anayesa mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka, koma bondo linangoima ngati chulu. A Ncube analowetsa chibakera chonse pansi pake osakhudza paliponse. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wa sukulu, pakamwa pamanama. Ntchafu sinama."

"Musiyeni mwanayo," anatero abambo. "Anthu akuti inu mukufuna kundipundula."

Ndinkayembekezera kuti akalipa. Sanakalipe. Anangopachika kachingweko pamsomali ngati munthu amene wamva mawu amenewo kambirimbiri.

"Madala, ine miyendo yanga ili bwino, ndipo kiyi wa nyumba yanga ali m'thumba muno. Watsala mwezi umodzi. Chitani zimene mukufuna."

Titafika kunyumba amayi analunjika pamkeka wa abambo. Anatenga kapilo kaja n'kukaponya pambaula, ndipo utsi wa sanza unadzaza nyumba yonse. M'mawa mwake anachita chinthu chimene m'komboni munali musanachitikepo: anatseka chitseko alendo ali pakhomo. Anaima panja atapinda manja n'kuwauza amayi a kutchalitchi kuti odwala ali pa ntchito, abwere Lamulungu. Nkhani inafala dzuwa lisanafike pamutu. Ena anati tikubisa mankhwala m'nyumba. Ena anati amayi asanduka mzungu. A Zuze anasiya kutipatsa moni.

Mwezi umenewo sindiufuna ngakhale m'maloto. Ndinkawerenga manambala onse, mochedwa, maso ndili kudenga kuti ndisaone nkhope yawo. Amayi anadzaza mchenga m'sokosi n'kumangirira pakakolo. Abambo ankadzuka pampando n'kukhalanso, kudzuka n'kukhalanso, manja ali pachifuwa. Chidendene chikakhala pathumba ankanditukwana.

"Mwana iwe uli ndi mtima wa kapitawo! Unabadwa kwa ine iwe?"

"Sikisi. Seveni. Musatsitse, abambo."

Ntchafu inabwerera, imeneyo inamva. Bondo nalo linatsika, pamene pankalowa chibakera panayamba kulowa zala zitatu. Koma pazala zitatupo linaima. Linali litapola lili lopinda, mmene ndinalisiyira pa kapilo kaja, ndipo linakana kusuntha ngakhale tinalira nalo bwanji.

Tsiku loyesedwa abambo anavala malaya a kutchalitchi. Makwerero anali achitsulo, okhomeredwa kukhoma. Ine ndi amayi tinaima kumpanda. Anakwera masitepe asanu ndi limodzi, ndinawerenga. Pachisanu ndi chiwiri anafunika kuimira mwendo wovulalawo wokha, ndipo unanjenjemera, n'kupindika. Analendewera ndi manja kanthawi, kenako anatsika okha pang'onopang'ono. Dokotala analemba papepala. A Ncube ankayang'ana nsapato zawo. Ntchito ya pamtunda akampani anati kulibe, ndipo anatipatsa masabata awiri kuti tichoke.

Amayi ankafuna tipite ku Nyasalande, kumene ife ana tinali tisanapondeko. Abambo anakana. Anati munthu amene anachoka kwawo akuthamanga sangabwerere akutsimphina, manja ali lende. Anapeza ntchito yolondera ng'ombe pafamu ina ku Somabhula, kudera kopanda mitengo, kumene mphepo ya Juni imalowa mpaka m'mano. Sukulu inali kutali. Ine sindinabwererenso m'kalasi, ndipo unesi uja unathera pakamwa pa amayi a kutchalitchi.

Tinasamuka pa lole ya pafamupo, titakhala pamwamba pa mitolo. Abambo anatsamira mbaula, mwendo atautambasula mmene unkathera. Titadutsa Gweru, amayi ndi ana atafunda nsalu kumutu chifukwa cha fumbi, ndinasendera pafupi ndi abambo.

"Abambo, mwezi woyamba uja ndinkakunamizani. Sindinkafika teni. Ndinkadumpha."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe.

"Enelesi, zaka zonsezi ngolovani ndinkaziwerenga m'chiyankhulo chanji? Ukuganiza kuti sindidziwa kuti pakati pa folo ndi teni pali kanthu?"

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Ndinkati mwana wanga akundimvera chisoni, ndimuchititse manyazi chifukwa chiyani." Anasisita bondolo. "Komanso zinkapweteka, mama. Zinkapweteka kwambiri."

Abambo anatsimphina moyo wawo wonse, ndipo nkhaniyi sitinaibwerezenso.

Lero ndine nkhalamba, ndimakhala ku Mambo, m'tauni ya Gweru, ndi mdzukulu wanga Rudo. Anthu a mumsewu mwathu amati gogo uyu sakhulupirira munthu, kiyi amagona naye, mankhwala a kukiliniki amayamba wafunsa kawiri asanamwe. Akunena zoona, sindikana. Koma iwo amaganiza kuti ndimaopa adani. Adani savuta, amaoneka. M'nyumba ija ya zipinda ziwiri munalibe mdani ndi mmodzi yemwe. A Zuze ankawafunira abambo zabwino. Amayi anasoka kapilo chifukwa chokonda mwamuna wawo. Ine ndinkadumpha manambala chifukwa cha msozi umodzi, ndipo abambo ankatseka maso kuti asandikhumudwitse. Munthu yekhayo amene sanatimvere chisoni ndi amene ankanena zoona, ndipo ifeyo tinamutcha galu wa kampani. Zimenezi zinanditengera zaka zambiri kuti ndizivomere, ndipo sizinandipatse mtendere, zinangonditopetsa.

Chaka chathachi mawondo anga nawo anayamba. Kukwera kombi kunasanduka nkhondo, kondakitala akukuwa kuti gogo fulumirani. Kuchipatala mtsikana wina wovala zoyera anandigoneka pabedi n'kuyamba kundionetsa: limbitsani ntchafu, kwezani mwendo, tsitsani pang'onopang'ono. Anadabwa kuti ndikuzidziwa asanamalize. Sindinamufotokozere.

Ndiye m'mawa uliwonse ndimayala mkeka, n'kutseka chitseko. Sindizikonda, zimapweteka, ndipo masiku ena ndimagona pamenepo kuyang'ana malata, ndikudzifunsa kuti mwendo wa nkhalamba ndikuulimbitsira ulendo wanji. Rudo amakhala pambali ndi foni yake kundiwerengera. Chichewa amachimva koma amayankha m'Chishona, ndipo ndi mwana wabwino, wamtima wofewa kwambiri. N'chifukwa chake ndimaika nyemba khumi m'mbale pafupi ndi dzanja langa. Mwendo ukakwera n'kutsika, nyemba imodzi ndimaichotsa ndekha.

Dzulo ndili pakati, nkhope itandithina, anandigwira phewa.

"Zvakwana, gogo, zakwana. Yafika teni. Pumulani."

Ndinasuzumira m'mbale. Munali mutatsala nyemba zitatu. Sindinamukalipire, ndikudziwa kumene bodza lotere limachokera. Ndinangomuuza achotse dzanja lake, n'kukwezanso mwendo.