Mwana wathu wodyera m'mphuno

Mwana wathu wachitatu, wamkazi, anabadwa osalira. Anadzalira patapita nthawi, kamawu kakang'ono, ndipo kuyambira pamenepo zake zonse zinkabwera mochedwa. Khosi linachedwa kulimba. Akamayamwa ankatsamwa, n'kutsokomola mpaka maso kufiira. Atakwanitsa chaka ndi miyezi iwiri anadwala chibayo kachiwiri, ndipo madokotala ku Chipata anati china mwa chakudya chake chimalowera kumapapo m'malo mopita m'mimba. Anamuika kapaipi kopyapyala kolowera m'mphuno mpaka m'mimba, n'kukamata ndi pulasitala patsaya. Anaphunzitsa mkazi wanga kudyetsa ndi sirinji. Ine kunalibe. Ndinali kuntchito, ndikuyendetsa alendo m'paki kukaona mikango ndi anyalugwe.

Ntchito yanga ndi ya nyengo. Mvula ikayamba kampu yathu yogona alendo imatsekedwa, chifukwa misewu ya m'paki imasanduka matope okhaokha. Chaka chimenecho ndinafika kwathu ku Chinzombo mitambo itayamba kale kuda. Pachingwe panali zitenje zoyanikidwa kuyambira pamtengo wa mango mpaka pakhitchini, zina zinali pansi m'beseni. M'nyumba munkanunkha mkaka wosasa. Mkazi wanga anali atawonda, makutu ake okha ngati akula.

"Akusanza, atate ake," anatero asanandifunse n'komwe za ulendo. "Ndikangomudyetsa, zonse panja. Ndachapa mpaka manja asupuka."

Munda unkadikira kubzala, ana awiri aakulu ankafuna chakudya, madzi anali okatunga kudirawo. Ndinamuuza kuti masana mwana azindisiyira ine. Ndinkadziona ngati wodziwa. Ndatsukapo mapaipi a dizilo kambirimbiri, ndiye kapaipi kameneka kandivute bwanji? Anandionetsa kamodzi: kusakaniza mkaka umene anatilembera kuchipatala, kuona ngati kachizindikiro ka pakapaipi kali pamphuno pomwe kamayenera kukhala, kulumikiza sirinji, kukankha.

Ndinkamugoneka pamphasa, n'kukankha mkaka mwachangu kuti asalire nthawi yaitali. Ndinkaganiza kuti ndikumuchitira chifundo. Pakapita kanthawi ankayamba kumeza mate, thukuta pamphumi, kenako mkaka unkabwerera wonse, m'kamwa ndi m'mphuno momwe. Ankandiyang'ana ndi maso odzaza misozi, osatha kundiuza pamene pakuwawa. Ine ndikaona mkaka pamphasa ndinkangoona thupi lake likutha, choncho ndinkapukuta msangamsanga n'kusakaniza wina, n'kumudyetsanso. Nawonso unkabwerera. Tsiku lina ndinatuluka n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe, malaya ali nyowe, ndikudzifunsa kuti bambo wanji amene amasanzitsa mwana wake kasanu pa tsiku.

Amayi anga atamva, anabwera kuchokera ku Malama. Mbali ina ya ulendowo anayenda pansi chifukwa galimoto inatitimira panjira. Atamuona mdzukulu wawo ndi pulasitala patsaya, anakhala pansi pakhomo pomwepo n'kulira.

"Mwanawe, chotsa chingwechi," anandiuza madzulo ake tikudya. "Munthu sadyera m'mphuno. Chimamukanda kukhosi, n'chifukwa chake akusanza. Ine ndalera ana seveni ndi phala la pachala."

Mumtima ndinkaona ngati akunena zoona. Mkazi wanga anangoweramitsa mutu, pakuti apongozi sawatsutsa pakudya.

Patapita masiku atatu, m'mawa mkazi wanga ali kumunda, mwana anasanza mwamphamvu kuposa kale. Nditamutembenuza ndinaona nsonga ya kapaipi ikutulukira m'kamwa, kwina kudakali m'mphuno. Ankakhosomola, akukakoka ndi lilime. Ndinamatula pulasitala n'kukasolola pang'onopang'ono mpaka kanatuluka konse. Anapuma bwino, n'kugona pachifuwa panga ali lefu.

Amayi anakweza manja. "Mulungu wachotsa yekha," anatero, ndipo anathamangira kukhitchini. Posakhalitsa anabwera ndi phala lamadzimadzi m'kambale, atalipoza kale. Anandipatsa sipuni m'manja. Ndinatunga. Mwana anatsegula kakamwa, chifukwa analidi ndi njala. Ndinakumbukira mmene mkazi wanga anandifotokozera za kuchipatala, nthiti za mwana zikulowa m'kati akamapuma, iye akuwerenga mpweya wake ali chiimire. Ndinabweza sipuni m'mbale.

"Amayi, mundikhululukire. Ndikupita naye kukiliniki."

Sanandikalipire. Anangoyang'ana phala lija, kenako anatenga chitenje n'kundimangirira mwanayo kumsana, chifukwa ine sindinkadziwa kumanga. Njinga sikanadutsa. Dambo la pakati pathu ndi msewu waukulu linali litadzaza, madzi kufika m'mawondo. Ndinayenda ndi kapaipi kaja m'thumba la pulasitiki, ndikuyang'ana ndowe za njovu zimene zinadutsa m'bandakucha, ndikupempha kuti zikhale zitapita kutali. Azimayi ena amene ankachokera kumsika wa ku Mfuwe anandipatsa njira osaseka. Mmodzi anandikonzera chitenje chimene chinayamba kutsika.

Nesi amene tinamupeza anali wochokera kumpoto, Chinyanja chake chosakanikirana ndi Chibemba. Anayamba wamvetsera chifuwa cha mwana, n'kumuyeza kutentha. Anati mapapo ali bwino. Anatenga kapaipi katsopano, anayeza utali wake, n'kukalowetsa ine nditamugwira mutu. Kulira kumene analira mwanayo sindifuna kukukumbukira. Atatsimikiza kuti kafika m'mimba, nesiyo anandipatsa sirinji ndi kapu ya madzi.

"Atate, ndionetseni mmene mumachitira kunyumba. Thirirani m'mbale umu."

Ndinakoka madzi, ndinakankha. Fyoo, atha.

Anandiyang'ana n'kufunsa: "Inu munthu atakuthirani kapu ya maheu m'mimba mwa njira imeneyo, muli chigonere chagada, mungaisunge?"

Manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Ndinayamba kupepesa, koma anandidula.

"Musadzizunze. Ambiri amatero, chifukwa amafuna mwana asiye kulira. Ndipo ana ngati uyu amasanza ngakhale muchite zonse bwino. Tingochepetsa."

Anasolola chokankhira cha sirinji n'kuchiika pambali. Analumikiza sirinji yopanda kanthu, anathiramo mkaka, n'kuikweza pang'ono kuti mkaka uzitsika wokha. Akaitsitsa, unkayenda pang'onopang'ono kwambiri. Mwana anali atakhala tsonga pamiyendo panga. Anandiuza kuti ndizitha mphindi twente kapena kuposa, ndizimupatsa wochepa koma kawirikawiri, wofunda ngati thupi, ndipo akatha ndizimunyamula chilili hafu awa osamugoneka. Akayamba kumeza mate kapena kukhosomola, ndiime. Akasanza, ndimutembenuzire chammbali, ndipukute m'kamwa, ndimusiye apume, ndipo ndisathire kanthu ndisanaone kuti kapaipi kadakali m'malo mwake monga anandionetsera.

"Koma akasanza zobiriwira kapena zamagazi, akatentha thupi, akamapuma mothamanga, kapena tsiku likapita osakodza, musadikire. Bwerani, kaya kuli madzi otani."

Anandibwerezetsa zonse ngati mwana wa sukulu, kawiri. Kenako anafunsa kuti kunyumba kuli ndani wina wothandiza. Nditatchula amayi ndi zimene ankanena, anagwedeza mutu. "Musawakankhire kunja. Apatseni ntchito."

Madzulo a tsikulo ndinadyetsa mwana pakhonde, mkazi wanga ndi amayi akuonerera. Ndinaika foni pampando kuti ndiziona nthawi. Mphindi twente ndi zambiri ukamagwira sirinji m'mwamba. Mkono unachita dzanzi. Mkaka utatha tonse tinkadikira kuona ngati asanze. Ndinapereka mwanayo kwa amayi.

"Asisita akuti azinyamulidwa chilili hafu awa. Ine mkono watopa."

Anamulandira, anamuika paphewa, n'kuyamba kuyenda uku ndi uku pabwalo, akumuimbira m'Chikunda nyimbo ya kutchalitchi. Hafu awa inatha. Mwana anabyula, n'kutuluka kamkaka kochepa kokwana sipuni, basi. Mkazi wanga anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka.

Sindinganame kuti kusanza kunatheratu. M'mawa mwake anasanza, ndipo sabata imene anadwala chimfine tinabwerera pa zitenje zodzaza chingwe. Koma kunachoka pa kasanu patsiku kufika kamodzi, masiku ena osasanza n'komwe. Ndinakhomera msomali pamtanda wa khonde n'kumangapo kachingwe kopachikira sirinji, kuti mkono uzipuma. Ndinaphunzira kumva zizindikiro zake: akakwinya pamphumi n'kutambasula zala, ndinkapinda kapaipi n'kudikira. Ndinaphunziranso kuchapa, ndipo anzanga odutsa popita kukawedza ku Luangwa anasiya kudabwa akandipeza pabeseni.

Amayi anakhala nafe mpaka chimanga chinacha. Kapaipi sanakakonde mpaka tsiku lochoka, ndipo sanakagwirepo ndi dzanja. Koma hafu awa ija inali yawo, palibe amene akanawalanda. Mlendo akabwera n'kuyamba zoti mwanayu pali chimene anamuchita, iwo ndi amene ankayankha: "Akudya. Taonani matsaya."

Kumapeto kwa mvula, pa sikelo, mzere wa pakhadi yake unakwera koyamba patapita miyezi yambiri. Nesi uja anandionetsa ndi chala, n'kuombera m'manja mwana. Ku Chipata anati kapaipi kakhalebe, ndipo adzamuyesanso kumeza akakulako.

Kampu itatsegulidwa ndinabwerera kuntchito ndi mtima wolemera. Mng'ono wa mkazi wanga anabwera kudzakhala nawo, ndipo ndinatha masiku awiri ndikumuphunzitsa. Tsiku loyamba nditafika kukampu ndinaimba foni masana kufunsa ngati wadya. Mkazi wanga anaseka. "Wadya, atate ake, ndipo wagona. Inu yendetsani galimoto."