Chiwindi cha Agogo a ku Makhanga

Kwee, kwee, kwee. Mpaka lero ndikamva mpeni ukunoledwa pamwala ndimakumbukira Lachisanu lija, loti mawa lake tivundukula chiliza cha mayi anga. Ndinali mu Sitandade 8, tikukhala awiriwiri ndi agogo anga aakazi, chakumtunda kwa Chiromo. Dzuwa lisanayambe kuwotcha, bambo wina woyandikana nafe anali atapha kale mbuzi ya alendo n'kuipachika mumtengo wa nimu. Mapapo, mtima ndi chiwindi anazitulutsa zili chilumikizire, zikulendewera kukholingo ngati mkoko wa nthochi, n'kuziika m'beseni.

"Chiwindicho asachikhudze munthu," anatero agogo. "N'cha achimwene."

Achimwene awowo anali agogo a ku Makhanga, eni mbumba yathu, amene tinkawayembekezera masana. Kwathu mbuzi ikaphedwa pamwambo, chiwindi amawotchera eni mbumba wina aliyense asanalawe nyama. Chikasowa ndiye kuti mwawanyoza. Tsono agogo a ku Makhanga akanyozedwa sankakalipa. Ankangovala chipewa n'kubwerera kudooko. Ndipo popanda iwo, panalibe woti n'kuchotsa nsalu pachiliza.

Sabata imeneyo kusukulu tinkaphunzira za thupi la munthu. Tchati chake chinapita ndi madzi osefukira, choncho aphunzitsi ankajambula okha pabolodi, ndipo mapapo awo ankaoneka ngati malambe awiri. "Ndikanakhala ndi zenizeni!" ankadandaula choncho. Chibwerere sukulu yaulere tinkadzadza pansi pa mtengo, moti dzina langa sankalidziwa. Ankangoti "iwe wa kumbuyo".

Ndinadziuza kuti ndikungobwereka. Agogo atapita kumjigo, ndinakulunga zonse zija m'masamba a nthochi, kuponya m'jumbo, ulendo.

Nditaika phukusi patebulo, aphunzitsi anandiyang'ana ngati ndangofika kumene pasukulupo. Atalimasula anawomba m'manja. Anachotsa inki m'bolopeni, kachubu kotsalako anakalowetsa m'kholingo, n'kuuzira. Mapapo anafufuma pang'onopang'ono mpaka anadzadza manja awo.

"Mbuzi yadzuka!" anakuwa mtsikana wina, ndipo mzere wonse wa kutsogolo unabalalika.

Titakhazikika anafotokoza. Thupi, anatero, limayambira pa maselo, tinthu tosaoneka ndi maso. Maselo ofanana akaunjikana pa ntchito imodzi amapanga mnofu. Minofu yosiyanasiyana ikaphatikizana imapanga chiwalo, monga mtima uwu. Anatipatsa kuti tiutsine, tione kulimba kwake poyerekeza ndi mapapo ofewa ngati siponji. Ziwalo nazo zimagwira ntchito m'magulu, monga ku esiteti kuli odula nzimbe, onyamula ndi ogaya. Kholingo ndi mapapo ndi gulu lopuma. Mtima ndi mitsempha ndi gulu loyendetsa magazi.

"Ndiye ifenso m'katimu tili ngati mbuzi?" anafunsa mnyamata wina wovuta.

"Iwe makamaka," anayankha aphunzitsi.

Onse anaseka kupatula ine, chifukwa ndinaona atatulutsa lezala. Anachekera chiwindi padera, anadulako kansonga kuti tione m'kati mwake, ndipo pa chotsalacho anabayapo kapepala ka dzina lake ndi munga wa msangu. Belu litalira anandibwezera mapapo ndi mtima.

"Ichi ndikaonetseko a Sitandade 7," anatero, akuchiika pambali.

Ndinaponya zotsalazo m'jumbo, ulendo wa kunyumba.

Kunyumba ndinapeza agogo a ku Makhanga atakhala kale pampando, chipewa chili pabondo, akumwa kapu yachitatu ya thobwa. Ndinazembera kuseri n'kubwezera katundu m'beseni. Nditatembenuka, agogo aakazi anali ataima pakhomo la khitchini. Anayang'ana beseni, anayang'ana jumbo. Anangonyamula beseniyo kupita nayo kwa achimwene awo, popeza anali ataifunsa kawiri konse.

Nkhalambayo inatembenuza nyama ndi chala.

"Mlongo, mbuzi za kuno zimayenda zopanda chiwindi?"

"Ndi galu, achimwene. Ndinali kumjigo."

"Galu wanzeru ndithu. Mtima wasiya, ndulu watenga, ndipo podula wadula bwinobwino ngati ali ndi lezala." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Iwe wa sukulu, mbuzi ingakhale moyo popanda chiwindi?"

Ndikanangoti ayi. Koma phunziro linali likadali lotentha m'mutu.

"Singakhale, agogo. Chiwindi chili m'gulu limodzi ndi chifu ndi matumbo. Ndicho chimapanga ndulu yothandiza kugaya mafuta."

"Ee! Kodi kamalankhula kameneka? Nanga wazionera kuti?"

Ndinayang'ana zala za kumapazi. Iwo anatenga chipewa, anachikung'untha pabondo, n'kuchivala. Agogo aakazi anagwada pomwepo, manja ali pamodzi. Kumanda amisiri anali atamaliza kale kupaka utoto.

Ndiye kunamveka belu la njinga. Anali aphunzitsi, thukuta lili kamukamu, phukusi la masamba a nthochi lili m'manja. Anapereka moni mwaulemu, n'kunena kuti mwana wina wangowauza kumene za chiliza, ndipo sakanatha kukhala nacho chinthu cha eni ake. Anawonjezera kuti ana a Sitandade 7 achiona onse.

Agogo a ku Makhanga anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutayi.

"Ndiye galu uja ndi inuyo, aphunzitsi?"

Nkhalamba ija inayamba kugwedezeka mapewa, kenaka inaseka mpaka kutsokomola. Inavula chipewa, inachibwezera pabondo.

"Mlongo, dzukani mukoleze moto. Chiwindi chophunzira sindinadyepo chibadwire."

Agogo anadzuka akusasa mawondo. Podutsa pafupi nane anandinong'oneza kuti ine ndi iwo tikambirana alendo akapita, ndipo adzandionetsa gulu la ziwalo limene limamva mkwapulo.

Aphunzitsi anandiitana, ulendo uno ndi dzina langa lenileni. Anandipatsa phukusi lija, kapepala kali chibayire pachiwindi.

"Lolemba ukhale kutsogolo," anatero, n'kupalasa njinga yawo kulowera kumsewu.